Binti Chande ndi Makope Awo

Kumsika wa ku Linga, ku Nkhotakota, kunali amayi ambiri okazinga zitumbuwa, koma munthu akati "ndikagule kwa Binti Chande," aliyense ankadziwa kuti akunena mayi wamfupi, wojintcha, wokhala pa kachisakasa koyandikana ndi ogulitsa mpunga. Dzina lawo linali Rahila. Ena ankagula pamenepo chifukwa cha kukoma kwa zitumbuwazo. Ena ankagula chifukwa ukangoima, mayiwo ankakukola ndi nkhani, ndipo pofika pomasuka unkachita manyazi kuchoka chimanjamanja.

Ali mwana sanapiteko ku sukulu. Bambo awo, a Chande, ankati sukulu ya mishoni mwana amalowa ali Rahila n'kutuluka ali Rakele. Choncho anangopita ku madarasa zaka ziwiri, naloweza masura a m'buku loyera la Chisilamu okwanira kuswalira, kenako anakwatiwa ndi a Zaidi, telala wosokera pakhonde la sitolo. A Zaidi anali munthu wosalankhulalankhula. Ankati m'nyumba imodzi pakamwa pamodzi m'pokwanira, ndipo pakamwapo anali atapapeza kale.

Chimene chinawatengera Binti Chande ku sukulu ali ndi zaka makumi asanu ndi makalata. Mu 1979 mwana wawo wamwamuna, Yasini, anapeza ntchito kumunda wa nzimbe ku Dwangwa ndipo anayamba kulembera makolo ake. A Zaidi sankatha kuwerenga Chichewa, ndiye kalata iliyonse inkapita kwa Dailesi, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anafika Sitandade 4. Dailesi ankawerenga bwino ndithu. Vuto linali loti kalata imodzi ankaiwerenga kawiri: koyamba pakhomo pa eni ake ali ndi pepala m'manja, kachiwiri pachitsime wopanda pepala.

Tsiku lina ali pamzere kuchigayo, mayi wina amene Binti Chande sankamudziwa n'komwe anawagwira dzanja.

"Mwachita mwayi, mayi. Ndamva kuti Yasini wapeza mbeta ya kumpoto."

"Yasini wake uti?"

"Wanu yemwe. Si zinali m'kalata ya dzana?"

Binti Chande anasiya chinangwa chawo pamzere nathamangira kwa Dailesi. Dailesi sanakane. Anati mawu amenewo analimodi, koma anawadumpha dala, ankafuna adzawauze tsiku lina atakhala pansi bwinobwino, poti mtima wa munthu wamkulu suchedwa kudzidzimuka.

Lolemba lotsatira Binti Chande anakalembetsa sukulu ya kwacha. Ankaphunzira masana m'kalasi ya ana, atakhala pa kabenchi kamene kankalira nthawi zonse akamasuntha. Zilembo zinawavuta, makamaka b ndi d, zimene ankati ndi akazi apamitala: bwalo limodzi, koma chifulatirane. Komabe patatha chaka ndi theka anatha kuwerenga ndi kulemba. Kalata yawo yoyamba yopita ku Dwangwa inawatengera masiku atatu. Yankho lake linabwera ndi Yasini mwini wake, pakamwa. Anati tsopano wakwatira, basi ikuyenda tsiku ndi tsiku, azingobwera yekha pakutha pa mwezi, za makalata zatha.

Binti Chande anakadandaula kwa aphunzitsi awo, mtsikana waulemu wochokera ku Dowa.

"Ndavutika chaka ndi theka, aphunzitsi, kusiya chiwaya pamoto masana onse. Tsopano ndiziwerenga chiyani? Zikwangwani?"

"Muzilemba, mayi. Dzanja likaleka kulemba limaiwala."

"Ndilembe chiyani?"

"Chilichonse chimene mukudziwa."

"Ndikudziwa zambiri, koma zambirizo n'zoyambanitsa."

"Ndiye lembani za ubwana wanu ndi za makolo anu. Zimenezo sizingayambanitse munthu."

Mphunzitsiyo anali mlendo ku Nkhotakota.

Binti Chande anagula kope ndi pensulo. Nkhani yoyamba inawatengera sabata yathunthu, ndipo atamaliza anapita nayo kukhonde la sitolo, nawauza a Zaidi kuti aimitse makina. Anawerenga chonchi:

"Ine Rahila ndili wamng'ono amayi anandituma kukachapa mkanjo wa abambo kunyanja. Linali Lachinayi. Ndinapeza anzanga akukoka matemba ndi nsalu yong'ambika. Ndinati mkanjo uwu ndi waukulu. Tinamanga manja ake ndi kukoka tsiku lonse. Matemba anadzaza nsengwa. Mkanjo sindinachape koma ndinayanika. Mawa lake abambo anavala kupita ku Juma. Anthu a mzere wawo mu mzikiti anasuntha onse. Mphaka wa kwa Shehe anawaperekeza mpaka kunyumba. Anandikwapula koma matembawo anadya nawo."

A Zaidi anaseka mpaka kutsamira pamakina, misozi ili chuchuchu. Amuna amene ankasewera bawo pakhondepo anapempha kuti awerengenso. Binti Chande anabwerera kumsika akuyenda ngati munthu amene wapatsidwa udindo.

Atamaliza za ubwana wawo zimene ankakumbukira, za mano amene anaguluka poluma nzimbe yakuba, za tsiku limene anaona galimoto koyamba n'kuipatsa moni, anaganiza zolemba za agogo awo aamuna, amene anachokera kutsidya la nyanja masiku a zombo zathanga zoyenda ndi mphepo. Iwo sanawaone bwino, choncho anapita kwa mchimwene wawo wamkulu, a Useni, mwini khoka, munthu amene pokangana ndi aliyense ankayamba ndi mawu oti "ife ndife adzukulu a nahoza."

A Useni anavala kofia yatsopano asanayambe kulankhula, ngati kopelo lijambula chithunzi.

"Lemba, chemwali. Agogo athu anali nahoza, woyendetsa chombo chachikulu kuposa zonse. Mwera ukawaona unkatembenuka. Anaoloka nyanja iyi kosawerengeka, ndipo pofika kuno mabanja anayi anawapatsa ana awo aakazi, iwo n'kusankha mmodzi. Walemba?"

"Ndili pa 'nahoza,' achimwene. Dikirani."

Patapita masiku angapo Binti Chande anakwera njinga ya katundu kupita kwa Malengachanzi, kwa azakhali awo a Madina, mwana womaliza wa agogo aja. Anali nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, yokonda fodya wapamphuno ndi yosadziwa kunyengerera munthu. Anawapeza dzuwa lili paliwombo, akugenda nkhuku zimene zinkajompha mpunga pamphasa. Binti Chande anawawerengera zimene ananena a Useni. A Madina anayetsemula.

"Nahoza? Useni anawaona bambo anga ali nkhalamba yopota zingwe. Ine ndine mwana wawo. Anali wokapa madzi, iwe. Chikho m'manja kuchokera kutsidya mpaka kuno. Ndipo theka la zimene ankakapazo anali masanzi awo omwe."

"Azakhali!"

"Lemba, si wabwerera zimenezo? Anaoloka kamodzi kokha. Mwera unawapeza pakati panyanja. Atafika pamchenga anagwada n'kulumbira kuti sadzapondanso m'chombo. Tsiku loti chombo chibwerere anakabisala m'nkhokwe ya mpunga ya eni ake. Mwana wamkazi wa pakhomopo, pokatapa mpunga, anagwira phazi la munthu. Ameneyo ndiye amayi anga. Akanakhala olimba mtima bambo angawo, iwe ndi Useni wakoyo mukanabadwira kuti?"

Binti Chande sanadziwe choti ataye ndi choti asunge, ndiye anasunga zonse. Tsamba la kumanzere analemba pamwamba pake kuti "Akutero achimwene a Useni," la kumanja "Akutero azakhali a Madina." A Useni atamva anabwera akupuma ngati akoka khoka okha.

"Ng'amba tsamba limenelo!"

"Ndikang'amba limeneli lanu lithothoka nalo, achimwene. Ndi pepala limodzi."

"Azakhali akalamba, mutu wasokonezeka."

"Ndiye pitani mukawauze nokha."

A Useni sanapite. Palibe amene ankapita kukawauza a Madina zinthu zotere. M'malo mwake analeka kudutsa pakhomo pa mlongo wawo, ndipo pa Idi ya chaka chimenecho anakadyera kwina.

Apa n'kuti kulemba kutawalowa m'magazi Binti Chande. Kope linkakhala mudengu, pansi pa nsalu yovundikira zitumbuwa. Munthu wachikulire akabwera kudzagula, ankamufunsa kuti bambo ake anali yani, anachokera kuti, ankakhala moyandikana ndi ndani, kenako ankanyambita pensulo n'kuyamba kulemba pamaso pake pomwepo.

Koma zaka zimenezo pakamwa pankamangitsa. Munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amene ananena pa bawo, osadziwa kuti anawanyamula ndani. Ndiye taganizani mayi amene dzulo lomweli sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, lero akufunsa mayina a anthu ndi a abale awo n'kumalemba m'kope. Palibe anawafunsa kanthu. Anthu anangosintha.

Bambo wina wogulitsa mchere, wodziwika ndi kudandaula, anafika pa kachisakasa n'kuyamba kulankhula mokweza ngati ali pamsonkhano.

"Chaka chino zinthu zili bwino kwambiri, mayi! Mvula yabwino, misewu yabwino, ngakhale udzudzu wachepa!" Anadzimenya pakhosi kupha udzudzu. "Ndipo khadi langa la chipani ndi ili. La akazi anga lilinso, ngakhale la apongozi."

"Ndakufunsani za khadi ine?"

"Ayi, ndangoti muone."

Amayi a pachitsime akawaona ankayamba nyimbo. Dailesi anabwera ndi nkhuku yathadzi yonenepa, nagwada pakhomo, nati zija ananena za kukwera mtengo kwa shuga ankangoseka, shuga sanakwere, ndipo ngakhale atakwera ndiye kuti pali chifukwa chabwino. Binti Chande analandira nkhukuyo ndi manja awiri.

"Mwaiona sukulu, bambo a Yasini?" anatero akusosola nthenga. "Zaka makumi awiri Dailesi sanandipatsepo ngakhale dzira. Lero munthu wophunzira akulemekezedwa."

A Zaidi anangobwerera ku makina awo. Koma kukhonde la sitolo bawo linali litayamba kuchita fumbi, ndipo amuna obwera kudzayesa mathalauza ankaima chilili osatsegula pakamwa, ena mpaka kuiwala kupuma. Patatha sabata ziwiri a Zaidi anabwera kumsika masana, chinthu chimene sankachita, nakhala pa mpando wa akazi awo.

"Mayi a Yasini, anthu akuti ndinu kazitape."

"Kazitape wa ndani?"

"Sakunena. N'chifukwa chake akuopa."

Binti Chande anasiya zitumbuwa zikupserera m'chiwaya.

"Ine? Ine amene mawu oti 'Malengachanzi' ndimayamba m'mawa kumaliza masana? Boma lingasowe anthu mpaka kufika pa ine?" Kenako anagwira pakamwa. "Nanga nkhuku ija tibweza bwanji poti tadya?"

Nkhaniyi inafikanso kwa a Kalilu, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali yogulitsa nsomba zouma. Inawadwalitsa mutu. Ngati mayiyu watumidwa ndi akuluakulu, bwanji iwo sanauzidwe? Kapena akulembedwa ndi iwowo? Ngati sanatumidwe, akuluakuluwo akamva adzafunsa kuti tcheyamani anali kuti munthu akulemba mayina pamsika. Anayeza uku ndi uku, n'kuona kuti kungokhala n'koopsa kuposa kupita.

Anafika pakhomo pa a Zaidi Loweruka, anthu atangotuluka ku swala ya alasiri, ya chakumadzulo, ali ndi amayi awiri ovala nsalu ya chipani. Kumbuyo kwawo, chapatali, kunkabwera anthu. Wina ankati akufuna bakha wake wosochera, wina anadzabwereka nkhwangwa kwa Dailesi, ena anangopezeka kuti njira yawo yadzera pamenepo. A Useni nawonso anaima kuseri kwa mpanda.

"Mayi," anatero a Kalilu atakhala pampando, "tamva kuti muli ndi buku."

"Ndi kope, a tcheyamani. Awiri tsopano."

"Tiwaone."

Tcheyamaniyo anatsegula loyamba. Malembo a Binti Chande anali ngati nyerere zonyamula chiwala: ogundana, okwera, otsika, opanda mpata pakati pa mawu. A Kalilu analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, analipendeketsa.

"Magalasi ndaiwala," anatero, ngakhale palibe amene anawaonapo atavala magalasi. "Werengani nokha. Zonse, osadumpha."

Binti Chande anayamba kuwerenga. Pofika pa mphaka wa kwa Shehe, amayi awiri a chipani aja anali atabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Wofuna bakha uja anakhala pansi. Pofika pa tsamba la a Madina bwalo lonse linali litadzaza, ndipo atawerenga za phazi m'nkhokwe, wina anakuwa kuti "Nahozaaa!" akuyang'ana kumpanda. Kofia ya a Useni inatsika pang'onopang'ono mpaka kusowa.

A Kalilu nawo ankaseka, koma ankakumbukira udindo n'kutsokomola. Kope lachiwiri lili pakati, Binti Chande anaima.

"Tsamba ili tilidumphe, a tcheyamani."

Kuseka konse kunatha. A Kalilu anawongoka pampando.

"Limenelo ndiye muwerenge."

"Mwanena nokha." Anapumira m'mwamba. "A Maliko bambo awo a Kalilu anali ndi munda wa chinangwa kuseri kwa kwathu. Tsiku lina tonde wa azakhali a Madina anawathamangitsa. Anakwera mumtengo wa mango. Anakhala m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka masana akuitana akazi awo. Nsalu yawo inatsala pa nyanga."

Anthu anayesetsa kudzigwira, koma mmodzi ataphulika onse anatsatira. Nkhope ya a Kalilu inauma gwa. Binti Chande sanadzutse mutu, anapitiriza.

"Chaka cha dzombe mpunga wathu unatha wonse ndipo abambo anadwala. Tinakhala masiku awiri ndi madzi okha. Abambo sankalola kupempha. A Maliko omwewo anabwera ndi dengu la makaka. Anati mundisungire dengu ili kwathu kwachuluka makoswe. Mawa lake amayi anandituma kukafunsa kuti adzatenga liti. Anati dengu liti. Chaka chimenecho anabweretsa madengu atatu ndipo onse anawaiwala. Sanali Msilamu ndipo sanali mbale wathu. Ine ndili moyo chifukwa cha kuiwala kwawo."

A Kalilu anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati nthawi yaitali ngati mwalembedwa kanthu, kenako anapukuta nacho kumaso.

"Zimenezi sanatiuzepo," anatero chapansipansi. Anatsokomola, navalanso chipewa. "Koma m'buku muno muli cholakwika chimodzi chachikulu. Inali njati."

"Ndinalipo, a tcheyamani. Anali tonde."

"Kwathu tonse timadziwa kuti inali njati yochokera kunkhalango. Bambo anga sakanakwera mtengo chifukwa cha mbuzi."

"Njati ya chingwe m'khosi?"

"Mayi, ine ndabwera pa udindo."

Chigamulo chinali chotere. M'makopemo mulibe zandale, apitirize kulemba. Koma patsamba loyamba la kope lililonse alembepo ngodya zinayi, Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo, ndi nambala ya khadi lawo, kuti aliyense wotsegula aone kuti ndi buku la munthu wamwambo. Ndipo nkhani ya njati ikonzedwe. Binti Chande anamvera zonse. Pansi pa nkhani ija anawonjezera kuti: "A Kalilu akuti inali njati. Njatiyo azakhali anaizinga pa Idi ndipo inakwana mumphika umodzi."

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Anthu amene ankathawa kope anayamba kulilondola. Ankabwera kumsika atasamba, ena ndi azakhali awo owachitira umboni, kuti makolo awo alembedwe. Dailesi anabwera kudzafunsa mwaulemu ngati nkhuku ija inaikira mazira, ndipo atauzidwa kuti inadyedwa anati palibe kanthu, bola agogo ake alowe m'kope patsamba lakutsogolo. Chodabwitsa chinali choti pafupifupi aliyense agogo ake anali nahoza. Pofika kope lachitatu Binti Chande anali nawo khumi ndi mmodzi, pamene nkhalamba zonse zinkagwirizana kuti zombo zimene zinkakocheza pano zinali zitatu.

"Zombo zitatu, anahoza khumi ndi mmodzi, wokapa madzi mmodzi yekha, agogo athu," ankatero potembenuza zitumbuwa. "N'chifukwa chake ankasanza. Ntchito inawachulukira."

A Madina anamwalira mu 1984. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, a Useni anatulukira pakhomo pa mlongo wawo koyamba m'zaka zitatu, atanyamula chambo ziwiri. Anakhala pakhonde, nafunsa za mvula, za makina a mlamu wawo, za ana a ku Dwangwa. Kenako anayang'ana kumbali.

"Tsamba lija lilipo?"

"Lanu?"

"Linalo."

Binti Chande anawerenga, ndipo mosadziwa anayamba kutulutsa mawu m'mphuno monga ankachitira malemuwo. Pa "wokapa madzi, iwe" a Useni anaseka. Pa "mukanabadwira kuti" anaphimba nkhope ndi kofia, ndipo anakhala choncho kanthawi.

"Anali nahoza," anatero ponyamuka. "Koma tsambalo ulisiye."

Tsoka lalikulu la makopewa linachitika patapita zaka ziwiri. Mkazi wa Yasini anabereka mapasa, ndipo Binti Chande anapita ku Dwangwa sabata zitatu kukathandiza. Kachisakasa anasiyira mng'ono wawo Mwajuma, mayi wakhama koma wosadziwa kuwerenga. Sabata yachiwiri mapepala okulungira zitumbuwa anatha. Nyuzipepala zimene zinatsala zonse zinali ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo panalibe munthu wamisala yokwanira kukulungira chitumbuwa chamafuta pankhope imeneyo. Mwajuma anafufuza m'nyumba napeza makope awiri pawindo.

"Latsopano losalembamo sindinalikhudze, achemwali," anafotokoza mkulu wake atabwera. "Ndinatenga lakutha ntchito, lodzaza kale."

Linali kope lachinayi, la nkhani za kuchikazi kwawo. Binti Chande anakhala pansi pafumbi nalira mokweza mpaka anthu anayamba kufunsana kuti wamwalira ndani. Atatha kulira anamanga nsalu m'chiuno nayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa aliyense amene Mwajuma ankakumbukira kuti anagula. Anapeza masamba asanu ndi anayi okha, onse oonekera kuseri chifukwa cha mafuta. Ena anali atayatsira moto. Limodzi nkhalamba ina inali itapichirira fodya, ndipo inati linakoka bwino.

Lachisanu lake kunabwera munthu wovala yunifolomu, kondakitala wa basi ya ku Salima, atanyamula pepala lopindidwa bwino.

"Ndinu eni ake a nkhani iyi, mayi?"

Linali tsamba lonena za a Mariamu, amayi awo aang'ono a Binti Chande, amene anathawa pa tsiku la ukwati wawo m'bwato lopanda nkhafi. Tsambalo linathera pa mawu oti "ndipo atafika pa bango anaona."

"Anaona chiyani?" anafunsa kondakitalayo. "Sabata yonse sindikupeza mtendere. Ndinabweranso kawiri kudzagula kuti mwina ndipeza tsamba lotsatira, koma koyamba anandikulungira za munthu wodwala nthomba, kachiwiri za mkangano wa mphika. Adalaivala nawonso akufunsa."

Binti Chande anamuyang'ana, chisoni chija chikusungunuka.

"Anaona mkwati yemweyo, mwananga. Naye anali atathawa, atabisala m'bango momwemo. Onse awiri ankaopa ukwati wa munthu wosamudziwa. Anakhala m'menemo tsiku lonse akulumidwa ndi udzudzu, ndipo pofika madzulo anali atadziwana. Anabwerera limodzi, anapeza mpunga wa ukwati utatha."

Kondakitala uja anawomba m'manja, nathamangira kudepoti kukauza adalaivala.

Tsiku lomwelo Binti Chande anatsegula kope latsopano lija nayamba kulembanso zonse zotayikazo kuchokera m'mutu. Zinawatengera miyezi isanu. Atafika pa nkhani ya a Mariamu anailemba osayang'ana tsamba lamafuta lija, ndipo pambuyo pake, poyerekeza, anapeza kuti m'nkhani yatsopanoyo a Mariamu akupalasa bwato ndi chipande, chinthu chimene m'tsamba lakale munalibe. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Ankachiona chipandecho m'maso mwawo bwinobwino, mpaka mng'alu wa pachigwiriro, koma sankadziwa ngati anachimva kwa amayi awo kapena chinangomera chokha.

"Bambo a Yasini," anatero, "kani nanenso ndine Useni."

Anasokerera tsamba lamafutalo m'kope latsopano ndi ulusi wa amuna awo, ndipo kuyambira pamenepo analeka kuseka anahoza a anthu ena, kupatula akakhala ndi Mwajuma awiriwiri.

Maso anayamba kuchita ng'ala cha m'ma 1990. Zilembo zawo zinakula, mawu anayi n'kudzaza mzere, kenako analeka. Kope lachisanu ndi chiwiri linatsala pakati. Matenda a shuga anawafooketsa, kachisakasa anasiyira Mwajuma, ndipo anamwalira mu 1992 nthawi yokolola mpunga. Pamaliro pawo panabwera anthu ambiri, ena amene abale sanawadziwe n'komwe, koma aliyense ankatha kunena kuti agogo ake ali mu kope liti.

Patapita mwezi, Yasini anabwera kudzatenga makopewo kuti akawasunge m'bokosi lachitsulo, chiswe chingawadye. Potsegula lomaliza anapeza kuti patsamba lakumapeto pali manambala olembedwa ndi choko chosongoka cha telala, kutsika m'munsi mizere iwiri.

"Izi n'chiyani, abambo?"

A Zaidi sanaimitse makina msanga.

"Muyeso wa diresi ya amayi ako. Idi iliyonse ndinkawasokera imodzi, kuyambira chaka chimene tinakwatirana."

"Munkasunga penapake?"

"M'mutu." Anadula ulusi ndi mano. "Iwo analemba aliyense wa m'tauni muno. Ine zimene ndikudziwa kulemba ndi zomwezo."

Yasini anatsata manambalawo ndi chala. Anayambira pa 26, nakwera pang'onopang'ono, nadumpha kwambiri zaka zimene ana ankabadwa ndi chaka chimene mayiwo anayamba geni ya zitumbuwa, mpaka kufika pa 46, pamene anakhazikika nthawi yaitali. Atatu omaliza anali 42, 37 ndi 33. Yasini anatseka kopelo naliika pamwamba pa anzake, ndipo bambo ake anapondanso makina, poti mwini thalauza anali atanena kuti abwera isanakwane swala ya masana.